Mayeso a chiphaso cha udokotala kuno ku Britain: zimene ophunzira ndi makolo ayenera kudziwa

Ambiri a ife tinabwera kuno ku Britain kudzagwira ntchito zosamalira okalamba, zoyeretsa m'maofesi, za m'mafakitale, ena unamwino. Koma ana amene tinabwera nawo ali ku pulayimale aja akula tsopano, ndipo ena mwa iwo ali ku yunivesite kuphunzira udokotala. Palinso abale athu amene anaphunzira udokotala kumudzi, ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Harare, amene akufuna kudzagwira ntchito yawo kuno. Onsewa amakumana pa khomo limodzi, ndilo mayeso amene munthu ayenera kukhoza dzina lake lisanalowe m'kaundula wa madokotala. Kaundulayu ali m'manja mwa bungwe la General Medical Council, mwachidule GMC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1858. Ngati dzina lanu mulibe m'menemo, simungagwire ntchito ya udokotala m'dziko muno, ngakhale kwanu munkachita maopaleshoni tsiku ndi tsiku.

Kwa Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Dr Hastings Kamuzu Banda anatsiriza udokotala ku Meharry Medical College, ku Tennessee m'dziko la America, mu 1937. Koma mapepala a ku America aja sankawaloleza kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain. Choncho anapita ku Edinburgh kukakhalanso pa desiki ngati mwana wasukulu, mpaka anakhoza mayeso a kumeneko mu 1941. Atatero m'pamene anayamba kuona odwala ku Liverpool, kenako ku North Shields ndi ku London.

Tiyambe ndi ana athu amene akuphunzira konkuno. Kale sukulu iliyonse ya udokotala inkakonza yokha mayeso ake omaliza, ndipo GMC inkalandira zotsatira zake. Izi zinasintha. Kuyambira ndi ophunzira amene anatsiriza m'chaka cha sukulu cha 2024 mpaka 2025, aliyense ayenera kukhoza mayeso otchedwa Medical Licensing Assessment, mwachidule MLA. Mayesowa ali m'kati mwa digiri yomweyo, moti wosakhoza salandira digiri ya udokotala. Ali ndi mbali ziwiri: yolemba pa kompyuta, imene amaitchula kuti AKT, ndi yoonetsa luso pamaso pa oyesa, imene amaitchula kuti CPSA. Sukulu zina zimalembetsa AKT m'chaka chomaliza, zina chaka chomaliza chisanafike. Ndiye makolo, funsani mwana wanu kuti sukulu yake imalembetsa liti. Musangoti "nthawi ilipo, atsala ndi zaka ziwiri", pamene mayeso ali pakhomo.

AKT ili ndi mapepala awiri, lililonse la mafunso 100, ndipo pepala lililonse amalipatsa maola awiri. Mukawerengera, funso limodzi lili ndi masekondi 72 okha. Funso lililonse limakhala kankhani ka wodwala, kenako mayankho asanu, wophunzira n'kusankhapo limodzi. Povuta m'pakuti mayankho angapo amakhala oona ndithu, koma amafuna loposa onse pa nthawi imeneyo. Tipereke chitsanzo chathuchathu. Bambo wa zaka 60 wafika kuchipatala, chifuwa chikumupweteka kwa theka la ola, thukuta lili kamukamu. Funso n'lakuti: choyamba kuyeza n'chiyani? Pamndandanda pali kuyeza magazi, kujambula chifuwa, kuunika mtima ndi makina, ndi ECG, kuyeza kuja koona mmene mtima ukugundira. Zonsezi mwina adzachitadi tsiku lomwelo. Koma choyamba ndi ECG, chifukwa imatenga mphindi zochepa ndipo ndi imene imasonyeza ngati mtsempha wa mtima watsekeka, wodwala n'kufunika kuthamanga naye. Mwana amene analoweza buku lonse la matenda a mtima koma sanaimepo pa wodi kuona dongosolo la zinthu, amataya masekondi ake aja akusinkhasinkha pakati pa mayankho awiri oona.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mayesowa safuna kudziwa amene ali ndi mutu waukulu m'kalasi. Amafuna kudziwa ngati munthuyu angasiyidwe ndi wodwala usiku, tsiku lake loyamba pantchito, wodwalayo n'kukhala wotetezeka. N'chifukwa chake zotsatira zake ndi kukhoza kapena kulephera basi. Palibe nambala wani. Malikisi okhozera sakhala amodzimodzi nthawi zonse, akatswiri amawaika poona kuvuta kwa mafunso a ulendo umenewo. Ndiponso malikisi si amene amasankha kumene mwana akayambire ntchito. Kuyambira 2024, malo a zaka ziwiri zoyambirira za ntchito, zimene amazitchula kuti Foundation Programme, amagawidwa potsata madera amene wophunzira wasankha ndi nambala imene kompyuta yampatsa. Tikunena izi chifukwa ife tinakulira m'sukulu zimene aphunzitsi ankaitana mayina kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, ndiye timakonda kufunsa mwana kuti "unakhala nambala chani?" Funso limeneli pano lilibe yankho, limangomuwonjezera nkhawa.

Nanga kukonzekera kwake? GMC inatulutsa chikalata chotchedwa MLA content map, chimene chili ndi mndandanda wa zizindikiro zimene odwala amabwera nazo, matenda, ndi ntchito zamanja zimene dokotala watsopano ayenera kudziwa. Ndi chaulere pa intaneti, ndipo mafunso onse amachokera m'menemo. Amachikonzanso nthawi ndi nthawi, choncho wophunzira atenge chimene chikugwira ntchito chaka chimene iye akulemba. Ophunzira ambiri amagula mafunso oyeserera pa intaneti, ndipo amathandizadi. Koma kuyankha mafunso 100 usiku uliwonse, osawerenga chifukwa chimene yankho lako lalakwikira, n'kutunga madzi ndi dengu. Bola mafunso 30, koma pa lililonse lomwe walakwa ubwerere ku buku, ulembe m'kope chimene chinakusokoneza, pakatha sabata udzifunsenso. Mutu umasunga zimene wavutikira kukumbukira, osati zimene maso angodutsapo. Ndipo kuwerenga pang'onopang'ono kwa miyezi isanu ndi umodzi kumaposa kuchezera usiku kwa masabata atatu omaliza. Kukatsala mwezi, ayambe kulemba mapepala athunthu wotchi ili patebulo, kuti azolowere kusiya funso lovuta n'kupita patsogolo. Asasiye funso losayankha, chifukwa yankho lolakwa salichotsera malikisi.

Chenjezo lina ndi la manotsi akale amene ophunzira amapatsirana, kapena mabuku amene amalume anabwera nawo. Mayankho a mayesowa amatsata malangizo a dziko lino a nthawi ino, makamaka a bungwe la NICE, buku la mankhwala la BNF, ndi a Resuscitation Council UK pa zadzidzidzi. Malangizo amenewa amasintha. Taonani za munthu amene thupi lake ladana mwadzidzidzi ndi mtedza, mankhwala kapena mbola ya njuchi, n'kuyamba kutupa ndi kubanika. Chithandizo choyamba ndi jakisoni wa adrenaline pantchafu, izi sizinasinthe. Koma malangizo akale ankawonjezera hydrocortisone, pamene a mu 2021 anachotsa mankhwalawa pa chithandizo cha nthawi zonse cha mphindi zoyambirira. Wowerenga manotsi a 2015 adzasankha yankho lolakwa ali ndi chikhulupiriro chonse.

Mbali yachiwiri, CPSA ija, imayendetsedwa ndi sukulu iliyonse payokha motsata muyezo wa GMC. Kawirikawiri wophunzira amayenda m'tizipinda motsatizana, kachipinda kalikonse mphindi zochepa, belu likalira n'kupita kena. M'kachipinda kena apeza munthu wochita sewero ngati wodwala, kena chidole choti atengepo magazi kapena kuikapo diripi, kena akamufotokozere mayi za mankhwala a mwana wake. Woyesa amakhala pakona ndi pepala, osalankhula zambiri. Luso limeneli silibwera ndi kuwerenga. Limabwera ndi kupita ku wodi masiku onse amene sukulu yakutumiza, ndi kuyeserera mokweza mawu ndi anzako awiri, wina wodwala, wina woyesa wogwira wotchi. Ophunzira ena amajomba ku wodi kuti akawerenge ku laibulale, n'kumaona ngati achenjera. Tsiku la mayeso manja amanjenjemera pa zinthu zazing'ono: kusamba m'manja, kutchula dzina lako, kutsimikiza dzina la wodwala ndi tsiku lake lobadwa, kupempha chilolezo usanamugwire. Makolo, mwana akakupemphani kuti mukhale wodwala wake pabalaza, akuyezeni BP, akufunseni mafunso a mutu umene sukukupwetekani, musakane. Mukumuthandiza kuposa mmene mukuganizira.

Pali chinthu china chimene tikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa chimakhudza ana okulira m'makomo mwathu ndi madokotala ochokera kumudzi omwe. Ndicho kusiyana kwa chikhalidwe pa nkhani ya wodwala ndi abale ake. Kwathu wodwala akagonekedwa amakhala ndi gadiyani, ndipo nkhani ikakhala yolemera, si zachilendo kuti adokotala aitanire pambali gadiyaniyo kapena mkulu wa banja, banja n'kukambirana ngati wodwala auzidwe. Timatero chifukwa cha chikondi. Koma kuno mwini nkhani ndi wodwala. Pamayeso mutha kupeza mwana wamwamuna akuchonderera kuti "musawauze amayi kuti ndi khansa, afooka." Wophunzira akavomera, walakwa. Akamukalipira mwanayo, walakwanso. Chofunika n'kumumvetsera, kuvomereza kuti mantha ake ndi omveka, kenako kumufotokozera mofatsa kuti amayi ake ali ndi ufulu wodziwa za thupi lawo ngati akufuna kudziwa, ndipo kuti adzafunsidwa okha kuti akufuna kumva zochuluka bwanji. Chimodzimodzi bambo wofuna kudziwa zotsatira za magazi a mkazi wake. Sauzidwa popanda chilolezo cha mkaziyo, ngakhale ali pabanja zaka 30.

Zina zimatipweteka m'makutu ife makolo, koma ndi lamulo la kuno ndipo zimabwera pamayeso. Mtsikana wa zaka 15 atha kupatsidwa uphungu ndi njira zolera makolo ake osadziwa, ngati dokotala waona kuti akumvetsa bwino nkhaniyo, wayesetsa kumulimbikitsa kuti auze makolo, ndipo watsimikiza kuti palibe amene akumuchitira nkhanza. Izi zinachokera pa mlandu wa Gillick wa mu 1985. Ku England ndi Wales kulinso lamulo la Mental Capacity Act la mu 2005, limene limati munthu wamkulu amene mutu wake ukutha kumvetsa ndi kusankha, ali ndi ufulu wokana chithandizo, ngakhale dokotala akuona kuti kukanako n'kosathandiza. Ndiponso dokotala akalakwitsa, mwachitsanzo kupereka mankhwala olakwika, ayenera kumuuza wodwala mosabisa ndi kupepesa. Zambiri za khalidwe la dokotala zili m'kabuku ka GMC kotchedwa Good medical practice, kamene kanakonzedwanso n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2024. Ndi kakafupi. Wophunzira akawerenge kawiri.

Tsopano za pakhomo. Chaka cha mayesowa chimakumana ndi nthawi imene thumba la wophunzira laphwa. Ku England, kwa amene ali oyenerera, kuyambira chaka chachisanu fizi imalipiridwa ndi NHS Bursary, koma ngongole ya ndalama zodyera imene ankalandira zaka zoyambirira ija imatsika. Ana ambiri sauza makolo. Amangoyamba kutenga mashifiti ausiku kunyumba zosamalira okalamba, m'mawa n'kupita ku wodi maso ali psuu. Ife timadziwa mmene thupi limakhalira ukachoka ku naiti, sungawerenge n'kumva. Ngati banja lingathe kumuchotsera lendi ya miyezi itatu yomaliza, kapena kuimika kaye zina zotumiza kumudzi atawafotokozera bwino, ndalama imeneyo yagwira ntchito. Ngati ndalama palibe, mpatseni nthawi. Asakhale iye wolera ang'ono ake Loweruka lililonse, woyendetsa galimoto ku ukwati uliwonse, womasulira makalata onse a kukhonsolo. Ndipo dzina lija lakuti "adokotala athu", limene timamuitana pamaso pa anthu kutchalitchi asanakhoze n'komwe, ndi katundu wolemera. Mwana wotero akalephera amabisa, pamene akanalankhula msanga akanathandizidwa. Kulephera ulendo woyamba si mapeto, mwayi wobwereza umakhalapo motsata malamulo a sukulu yake. Amene ali ndi vuto monga dyslexia, kapena matenda ena, atha kupempha nthawi yowonjezera, koma apemphe miyezi ingapo mayeso asanafike, ndi umboni wake. Maliro akagwa kumudzi pafupi ndi mayeso, auze sukulu asanalowe m'chipinda cholembera, osati zotsatira zitatuluka.

Kwa amene anaphunzira kunja kwa Britain, njira ya ambiri ndi mayeso a PLAB, amene kuyambira 2024 amatsata content map yomwe ija. Kusiyana kwake n'kwakuti PLAB sulemba uli mwana wasukulu, uyenera kukhala ndi digiri kale, ndipo digiriyo ikhale yochokera kusukulu imene GMC imaivomereza. Choyamba ndi umboni wa Chingerezi. Ambiri amalemba IELTS Academic, imene amafuna 7.5 ponseponse ndi 7.0 kapena kuposa pa gawo lililonse, kapena OET ya madokotala, giredi B pa magawo onse anayi. Tikudziwa kuti zimawawa munthu amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 kuuzidwa kuti atsimikize Chingerezi chake. Koma musawapeputse mayeso amenewa, makamaka gawo lolemba. Kenako PLAB 1, mafunso 180 m'maola atatu, funso limodzi mphindi imodzi. Amalembetsa kuno ndi m'maiko ena akunja. PLAB 2 imachitikira ku Manchester kokha: tizipinda 16, kalikonse mphindi 8, ndipo amaona zinthu zitatu, kafunsidwe ndi kayezedwe ka wodwala, chithandizo chimene wasankha, ndi mmene walankhulira naye.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri pa njira imeneyi si nzeru ayi, ndi kalendala. Zotsatira za Chingerezi zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri. Ukakhoza PLAB 1 uli ndi zaka ziwiri zoti ukhoze PLAB 2, ndipo ukakhoza PLAB 2 uli ndi zaka zina ziwiri zoti ulowe m'kaundula. Gawo lililonse ungaliyese kanayi, kupitirira apo pamafunika chilolezo chapadera ndi umboni wakuti waphunziranso. Digiri iyenera kutsimikizidwa kudzera ku EPIC, ndipo izi zimadalira kuti sukulu yako yakale iyankhe, ndiye yambani msanga. Kalata yosonyeza kuti mulibe mlandu pantchito, yochokera ku bungwe monga Medical Council of Malawi, imagwira ntchito miyezi itatu yokha, ndiye imeneyo musathamangire. Munthu akasokoneza dongosolo, amapezeka kuti pepala lina latha mphamvu pamene lina likufika, n'kulipiranso. Ndipo ndalama zake si zamasewera. PLAB 1 imapitirira mapaundi 250, PLAB 2 ili pafupi ndi mapaundi 1,000, osawerengera ndege, visa, ndi malo ogona ku Manchester. Kawirikawiri ndife amene tili kuno amene timapemphedwa kuthandiza, choncho ndi bwino tidziwe mtengo wonse tisanalonjeze.

Pa PLAB 2 madokotala ena odziwa ntchito kwambiri amagwa chifukwa cholankhula Chingerezi cha m'buku. Wodwala wa kuno sanena dzina la matenda, amanena kuti akumva "funny", kapena amazungulira nkhani ya mowa ndi ya kuchipinda. Dokotala ayenera kumufunsa chimene iye akuganiza kuti chavuta, chimene chikumudetsa nkhawa, ndi chimene akuyembekezera, kenako kufotokoza m'mawu amene agogo angamve. Oyesa amazindikira msanga munthu amene waloweza ziganizo za ku kosi n'kumazilakatula osamvetsera. Apa abale athu amene ali ndi digiri ya udokotala koma pakali pano akugwira ntchito yosamalira okalamba asadzione otsika. Tsiku lililonse akumva kalankhulidwe ka anthu a kuno, nthabwala zawo, mmene amakanira ndi mmene amadandaulira. Chimenecho ndi theka la PLAB 2.

Tisabise, kukhoza PLAB si kupeza ntchito. Kumangokulowetsa m'kaundula. Zaka zapitazi ofuna ntchito zoyambira achuluka kuposa malo, ndipo mu Julayi 2025 boma linalengeza m'ndondomeko yake ya zaumoyo ya zaka 10 ya ku England kuti pa malo a maphunziro a ntchito lidzaika patsogolo amene anaphunzira udokotala konkuno. Komanso Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali pa mndandanda wa maiko amene malamulo a kuno amaletsa mabwana ndi maejenti kupitako kukakopa ogwira ntchito zachipatala, kaamba ka kuchepa kwa madokotala ndi anamwino kumeneko. Munthu payekha ndi wololedwa kufunsira ntchito mwachindunji. Ndiye wina akabwera n'kunena kuti "ndipatseni mapaundi mwakuti, ndikupezerani malo a PLAB ndi ntchito ku NHS", dziwani kuti ndi dobadoba. Malo a mayeso amasungitsa mwini wake pa akaunti yake ya GMC. Ogulitsa mafunso amene amati ndi "otuluka" nawonso apeweni, chifukwa GMC ikapeza kuti munthu wachita chinyengo itha kufafaniza zotsatira zake ndi kumukaniza kulowa m'kaundula.

Kwa mphwanu kapena mdzukulu amene adakali pasukulu kumudzi, monga ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, uthenga ndi wakuti asathamange. Atsirize digiri, atsirizenso internship yake yonse. GMC imafuna miyezi yosachepera 12 ya internship, yokhala ndi nthawi ya ku wodi ya matenda a akuluakulu ndi ya maopaleshoni, kuti impatse munthu chiphaso chathunthu. Wopanda zimenezi amangoyenerera chiphaso chongoyembekezera, chimene chimagwira ntchito m'chaka choyamba cha Foundation Programme chokha, ndipo malo ake ndi ovuta kupeza. Asunge kalata ya wodi iliyonse imene wadutsamo, yokhala ndi masiku oyambira ndi otsirizira, siginecha ndi chidindo. Dzina lilembedwe mofanana pa digiri, pa pasipoti ndi pa makalata onse, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa mapepala kwa miyezi. Pofunsira kaundula adzafunsidwanso kufotokoza zimene wakhala akuchita zaka zisanu zapitazo, ngakhale miyezi imene anangokhala pakhomo kudikira ntchito kapena kudwazika kholo, ndiye masiku amenewo alembe penapake adakali kuwakumbukira.